Mwana wanga wakonda makatuni a Dracula, agogo ake akuti ndiwotche

Zikomo aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Blantyre. Chandivuta ndi mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 11 yemwe ali Sitandade 6. Mwanayu ndi buku anali paka ndi khoswe. Ukampatsa kuti awerenge, tsamba lisanathe wayamba kuyasamula. Mwezi wathawu amalume ake a ku Johannesburg anamutumizira mabuku atatu a makatuni, aja nkhani imayenda ndi zithunzi, mawu ali m'timabwalo pamwamba pa mitu ya anthu. Sabata isanathe anali atamaliza onse, nsima kudya buku lili pambali. Poyamba ndinasangalala. Kenako ndinayang'ana zikuto zake: Dracula, Frankenstein, ndi nkhani ya Dr Jekyll ndi Mr Hyde.

Mabukuwa si achilendo kwa ine, ndinawawerenga ndili ku koleji, ndipo si nkhani zachabechabe ayi. Frankenstein analemba ndi Mary Shelley, anayamba ali ndi zaka 18 zokha, buku n'kutuluka mu 1818. Ndi nkhani ya Victor, wophunzira amene anapanga cholengedwa chamoyo kenako n'kuchithawa chifukwa cha kuipa kwa nkhope yake. Cholengedwacho, chomwe ngakhale dzina sanachipatse, chimaphunzira kulankhula pomvetsera mobisala banja lina losauka, chimafuna kukondedwa, aliyense n'kumachipirikitsa. Ine powerenga ndinachimvera chisoni ngati mwana wokanidwa ndi bambo ake. Koma m'katuni la mwana wangali zonsezo azipanikiza m'timasamba tiwiri. Chomwe achipatsa malo ndi pamene chilombocho chikupha William, kamng'ono ka Victor, chithunzi chodzaza tsamba lonse, manja ali pakhosi.

Dracula, nkhani ya mzukwa woyamwa anthu magazi, ndiye wandisowetsa mtendere. Bram Stoker analilemba mu 1897 ngati mulu wa makalata ndi zolemba za tsiku ndi tsiku za anthu osiyanasiyana, moti mantha amabwera pang'onopang'ono ndipo woopsayo umadzijambulira wekha m'mutu monga momwe mtima wako ungapirire. Katuni silipatsa mwana mpata umenewo. Mano ndi awo, magazi pakhosi pa Lucy, mtsikana amene Dracula amamuyamwa, ndi awo, ofiira kuti psuu. Masiku atatu otsatizana mwanayu wabwera kudzagogoda kuchipinda kwathu pakati pa usiku, ati kunja kwa zenera kukuuluka mleme. Tsiku lina ndinapeza adyo wanga wa kukhitchini ali pansi pa pilo yake, poti m'nkhaniyo adyo amapirikitsa Dracula. Ndinaseka, koma mumtima munandiwawa.

Tsono pakhomo pano tikukhala ndi apongozi anga, kwawo ndi ku Mulanje. Inu mukukumbukira za 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa poganiziridwa kuti akupopa magazi, anthu kumagona panja m'magulu chifukwa cha mantha. Iwo anali komweko nthawi imeneyo. Ataona chithunzi cha Dracula sanafunse zambiri, anati za satana zalowa m'nyumba, mabukuwo awotchedwe lero lomwe. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi nthano ya azungu, yochitikira ku Transylvania, dera la ku Romania, ndi ku England, ndipo pomaliza woipayo amagonja. Anandiyankha kuti ndaphunzira mpaka kupusa. Bambo a mwanayu angoti kukamwa tseke, safuna kutsutsana ndi mayi awo, komanso safuna kukhumudwitsa alamu awo amene anawononga ndalama.

Ndinapeza kuti mkangano umenewu unachitikaponso ku America. Mu 1954 osindikiza makatuni anadziikira malamulo otchedwa Comics Code, oletsa kujambula opopa magazi ndi mizukwa, makolo atadandaula kuti ana akuwonongeka. Mu 1971 anawafewetsa, n'kuvomera zilombozi ngati zalembedwa motsata mabuku akale monga Dracula ndi Frankenstein. Ndiye kuti nawonso anaona kuti kuopseza kulipo kwa mitundu iwiri. Koma malamulo amenewo sandiuza chochita ndi mwana wa zaka 11 amene akugona ndi adyo.

Chikundiletsa kuwotcha n'chimodzi. Dzulo mwanayu anandifunsa za Frankenstein kuti, "Amayi, kodi woipa ndi chilombocho kapena amene anachipanga?" Funso limeneli ana anga a Folomu 3 sanayambe andifunsapo pa buku lililonse. Ndipo ifenso tinakula ndi nthano za afiti ndi zimphona, agogo akutisimbira pamoto usiku, tikunjenjemera koma tikuyankhabe "tili tonse". Kusiyana kwake n'kwakuti agogowo ankationa nkhope, akaona kuti tachita mantha kwambiri ankasintha nkhani. Mwana wanga amawerenga yekha, ndi tochi, atafunda bulangete.

Panopa mabuku ndawatsekera m'sutikesi, mwana wandikwiyira, apongozi akudikira utsi. Kodi ndimubwezere tiziwerengera limodzi masana, kapena ndisunge mpaka atafika ku sekondale? Ndikamulanda, sabwereranso kodana ndi mabuku kuja? Nanga apongozi ndiwayankhe bwanji mosawanyoza, poti mantha awo ali ndi pochokera?

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru, Blantyre