Fulashi ikhale ndi malo ake pa kompyuta

A Mkonzi,

Ndimatayipira anthu makalata pa Chinamwali, ndipo kompyuta yanga imayendera Ubuntu, osati Windows. Ndikalowetsa diski yosungira ntchito za makasitomala, imatseguka yokha mu foda ya /media, koma foda yake imatengera dzina la diskiyo. Wina akatsogoza fulashi ya dzina lomwelo, yanga inkapatsidwa foda ina, pulogalamu yokopera mafayilo n'kusochera.

Anzanga a ntchitoyi, kuti diski izitseguka malo amodzimodzi, lembani sudo blkid mu Terminal (polembera malamulo a kompyuta) muone UUID, nambala yapadera yozindikiritsa diski yanu. Muilembe mu /etc/fstab, fayilo youza kompyuta foda yotsegulira diski, pamodzi ndi foda yomwe mwapanga, monga /mnt/makasitomala. Musaiwale kuikapo mawu akuti nofail, apo ayi kompyuta idzakakamira poyaka tsiku lomwe diskiyo mwaiiwala kunyumba.

A Windows zawo n'zofewa: mu Disk Management ipatseni diskiyo chilembo chakutali, ngati M.

Wotayipa makalata,
Chinamwali, Zomba