Nyumba ya Mandala isakhale ya alendo okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za nyumba yakale ya Mandala mumzinda wa Blantyre. Anthu ambiri amadutsa chapafupi pa minibasi mumsewu wa Masauko Chipembere tsiku ndi tsiku, koma sadziwa n'komwe kuti ali ndi ufulu wolowamo.

Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes ya ku Glasgow, yomwe kuno inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Ndi yosanja, ya makoma okhuthala ndi khonde lalitali, ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zimene zidakalipo m'Malawi muno. Kale munkakhala mabwana a kampani. Lero pansi amaonetsa ndi kugulitsa zojambula ndi zosema, panja anthu amamwa khofi pamthunzi wa mitengo, ndipo m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946, momwe amasunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za dziko lino. Amene anaisamala mpaka lero ndikuwathokoza ndi mtima wonse, chifukwa nyumba zina zakale za mumzindawu tinazigwetsa popanda wofunsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambirife timaiona ngati ya azungu ndi alendo odzacheza. Komatu mbiri yake ndi yathu. Njerwa zimenezo anaumba ndi agogo athu. Katundu wa kampani ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, ku Chikwawa. Kuchoka pamenepo mathithi ankatseka njira, ndiye amtengatenga ankasenza nsalu, mikanda ndi zitsulo pamutu, kukwera chitunda chonse chija wapansi mpaka pa Mandala, ena n'kupitirira mpaka ku Matope. Potsika ankanyamula minyanga ya njovu. Aliyense amene anakwerapo msewu wa Chikwawa pagalimoto, injini ikulira pamakona aja, angaganize yekha mmene zinalili kwa munthu wopanda nsapato, mtolo uli pankhata, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Mwana wa ku Chikwawa kapena wa ku Lirangwe ayenera kumva nkhani imeneyi ataima pakhonde lomwelo.

Ndipo mu January 1915 anthu a M'busa John Chilembwe anachoka ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampaniyi ku Mandala komweko. Ana athu amaloweza za Chilembwe pokonzekera mayeso, amaona nkhope yake pandalama, koma ndi angati amene anapondako pamalo pamene zinachitikira?

Ndiye ndikupempha aphunzitsi aakulu a ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni kuti azikonza maulendo a ophunzira. Mtunda si wautali, ndipo makolo ambiri angathe kusonkha ya minibasi. Oyang'anira malowa nawo ndikuwapempha kuti zofotokoza mbiri zizilembedwanso m'Chichewa, ndi kuti nthawi zina Loweruka masana bwalo lija lizipatsidwa kwa alakatuli, oimba ndi agogo odziwa nthano. Munthu akamva chilankhulo chake pamalo, mantha olowa amatha.

Koma zonsezi sizingatheke nyumbayo ikafooka. Makoma a zaka zoposa 140 amaopa chinyontho, mitengo ya denga imaopa chiswe, ndipo mapepala akale akanyowa kamodzi ndiye kuti apita. Ntchito yotere si yosiyira anthu ochepa odzipereka ndi ndalama za khofi. Popeza boma linaika nyumbayi m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dziko, nthambi yoona za malo otere pamodzi ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre aziikako ndalama chaka ndi chaka zokonzera denga ndi kujambula zikalata zija kuti zisungidwenso pa kompyuta. Aphungu a mumzinda muno akafunse za ndalama zimenezi pokambirana bajeti ikubwerayi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Soche, Blantyre