Ndinawaitanira ku maliro, tsopano akanizidwa kubwerera ku Joni

Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala kufupi ndi Bangula m'boma la Nsanje. Ndimalima thonje ndi mapira, madzi akaphwera ndimatsikira kudimba. Nkhani yanga ndi yaitali, mundipirire, chifukwa pakhomo pano aliyense amene ndingamuuze ali kale ndi mbali yake.

Tinabadwa amuna awiri. Mng'ono wanga ndi wowotcherera zitsulo, luso limene analiphunzira ku Nchalo, ndipo ali ku Johannesburg zaka zambiri ndithu. Iyeyu sanapite mozemba ngati anyamata ena akuno. Ali ndi chilolezo cha ntchito, ndipo atakhazikika anadzatenga mkazi wake ndi mwana wawo woyamba. Wachiwiri anabadwira komweko. Lamulo la ku South Africa limalola munthu amene wagwira ntchito zaka zisanu ndi chilolezo choyenera kupempha chilolezo chokhaliratu, ndiye iwo anapempha banja lonse, n'kupatsidwa malisiti. Chaka chinatha, china n'kulowa, yankho osatuluka. Ali mkati modikira, masiku a mlamu wanga ndi ana anatha. Chilolezo cha mwini wakeyo abwana ake anali atamuthandiza kuwonjezera, koma za banjali anzake anamuuza kuti asataye ndalama, lisiti likakhala m'thumba palibe angakugwire.

Mu Julayi mayi athu anatisiya. Nditamuimbira, mng'ono wanga anati abwera yekha, mlamu ndi ana atsale chifukwa mapepala sanatuluke. Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo sindibisa. Ndinamukalipira. Ndinati, "Mapepala ndi mayi ako chachikulu n'chiyani? Mpongozi amene mayi anamutulutsira ng'ombe zawo asadzaponye ndi dothi lomwe? Anthu adzati chiyani?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chabwino achimwene, tamva." Thupi tinalisunga ku mochale masiku anayi kuwadikira.

Potuluka m'South Africa pa chipata cha Beitbridge, mapasipoti a mlamu ndi ana anachedwa nawo mkati. Atawabweza anawapatsanso mapepala oti asayine. Basi inali ikuliza hutala, munthu ali ndi misozi m'maso, ndani akanakhala pansi kuwerenga Chingerezi cha boma? Mlamu anasayina, n'kupinda mapepalawo kuwaika m'Baibulo. Maliro tinaika bwino. Ana aja anaona manda a agogo awo, ndipo ine mumtima ndinkati ndachita zaukulu.

Patatha milungu itatu ananyamuka. Ndinawaperekeza mpaka ku Blantyre, ndi thumba la mpunga ndi nsomba zouma. Anadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare popanda chovuta. Usiku wachiwiri foni inalira. Anali mlamu, mawu osamveka bwino ndi kulira. Pasipoti ya bambo yadindidwa, zitatu zakanidwa. Katundu wawo anamutsitsa m'basi n'kumuunjika pansi. Mng'ono wanga anali ndi Lolemba loti akapezeke pantchito, ndipo ntchitoyo ikatha chilolezo chakenso chatha. Anawakweza basi yobwerera, iye n'kupitiriza ulendo yekha.

Mapepala a m'Baibulo aja anatiwerengera ndi aphunzitsi ena opuma pantchito amene timapemphera nawo. Pali liwu loti "undesirable", kutanthauza munthu wosafunika m'dzikomo, ndipo palembedwa zaka zisanu. Anatifotokozera kuti kuyambira mu Meyi 2014 malamulo anasintha. Kale munthu wopitirira masiku ankalipira chindapusa, koma tsopano amamuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati sanapyole masiku 30, zaka zisanu ngati wapyola. Athuwa anali atapyola ndi miyezi. Kupempha chilolezo chokhaliratu sikuimitsa masiku a chilolezo chakale, umayenera kumachiwonjezerabe uku ukudikira. Ngakhale mwana wobadwira komweko uja sizinamuthandize, poti kubadwira ku South Africa sikupatsa mwana unzika ngati makolo ake ndi alendo. Ifetu kuno tinazolowera malire a mtundu wina. Munthu amakwera bwato m'mawa kuwoloka Shire kukalima tsidya la Mozambique, madzulo wabwerera ndi mbatata zake. N'chifukwa chake mwina sindinamve kulemera kwa mawu a mng'ono wanga tsiku lija.

Pano mwezi wachisanu ukutha ali pakhomo panga. Mtsikana ali ndi zaka 12, mnyamata 7. Chichewa chawo n'chothyokathyoka, Chisena ndiye samva n'komwe, amayankhulana Chingerezi ndi Chizulu. Kwawoko sukulu imayamba mu Januwale, kuno mu Seputembala, ndiye chaka chawo chinaduka pakati. Mtsikanayo anamubweza kalasi, ndipo akaweruka amangolowa m'nyumba osayankhula ndi munthu. Mnyamatayo wadwala kale malungo kawiri. Kutentha kwa mu Okutobala, kumene ife eni ake timagona panja, iye ankangolira usiku wonse thupi lonse zidzolo. Ali ndi kachikwama ka sukulu yake yakale kamene salola wina kukakhudza. Tsiku lina ndinakatsegula ali kosewera. Munali yunifolomu yopindidwa bwino, nsapato, ndi mswachi. Wapakira kale, akungodikira basi. Ndinakatseka n'kupita kudimba ngakhale kunalibe chokachita.

Mng'ono wanga sananditukwanepo. Bola akanatero. Amaimbira mkazi wake, ine amangondipatsira moni kudzera mwa iyeyo. Chikundipweteka n'chakuti nyumba ya malata imene ndikugonamo anamanga ndi iye, madzi a namondwe wa Freddy atagwetsa yanga mu Malichi 2023. Mkazi wanga ndi mlamu poyamba ankaphika mphika umodzi, lero mafuwa ali pawiri, nkhani yake ya ndalama zimene zimabwera pafoni ya mmodzi. Akuchimuna a mlamu ochokera ku Ngabu abwera kawiri. Akuti tasandutsa mwana wawo namfedwa mwamuna ali moyo, ndiponso akuti mwamuna sangakhale yekha ku Joni zaka zisanu osapeza womuphikira. Mawu amenewa ndi amene amusokoneza mutu mlamu wanga.

Njira zimene zili pamaso pathu ndi izi. Kalata yodandaula kuti chiletsocho chichotsedwe inalembedwa, mng'ono wanga anaitumiza pa intaneti pamodzi ndi malisiti, mapasipoti ojambula ndi chikalata cha imfa ya mayi. Miyezi itatu yapita, kuli zii. Ndiye pali mkulu wina wonyamula anthu ndi katundu amene akuti tikamupatsa marandi 9,000 awadutsitsa patchire n'kuwoloka mtsinje wa Limpopo usiku, akuti wachita zimenezi kambirimbiri. Wina akuti n'zosavuta, mlamu angotenga pasipoti yatsopano ya dzina la kwa makolo ake. Iyiyi ndaikana ndekha, poti masiku ano amajambula zala, ndipo ana ungawasinthe dzina bwanji? Koma ya Limpopo mlamu waigwiritsa. Akuti anthu ambirimbiri ali ku Joni opanda pepala ndipo akudya.

Ine mtsinje ndimaudziwa, Alangizi. Ndaona zimene ng'ona imachita munthu pa Shire, ndipo ino ndi nyengo ya mvula. Ndamvanso za achifwamba amene amadikirira anthu m'tchire la kumeneko, makamaka amayi ndi atsikana. Akafika bwino, nanga pempho lawo lija, limene adikira zaka ziwiri, silifera pomwepo? Ana akawalandira kusukulu popanda zilolezo? Atagwidwa, sizikhudzanso chilolezo cha bambo awo? Komano ndikati ndinene kuti ayi, pakamwa pamandilemera. Mwa mwambo wathu ana awa ndi a kuno ndipo mawu omaliza ndi anga monga mkulu wa banja. Koma ndi mawu anga omwewo amene anawatulutsa m'nyumba mwawo. Mlamu anandiuza maso ndi maso, mwaulemu ndithu atagwada, kuti, "Alamu, tinakumverani kamodzi." Sindinamuyankhe.

Nthawi zina ndimaganiza zouza mng'ono wanga kuti angolongedza abwere, adzatsegule malo owotcherera pa Bangula kapena pa Nchalo. Koma angapeze chiyani kuno poyerekeza ndi marandi, pamene pakhomo pake ndi panga tonse tikuyang'ana dzanja lake lomwelo?

Ndithandizeni pa zinthu izi. Kodi kalata yodandaula ngati imeneyi imayenda bwino munthu akailemba yekha, kapena tigulitse ng'ombe ziwiri zatsalazi tipeze loya wa kumeneko wodziwa za olowa ndi otuluka? Nanga loya weniweni timusiyanitsa bwanji ndi akuba amene amadya za anthu ovutika? Chachiwiri, ndili ndi mphamvu yanji yoletsa mayi kutenga ana ake, ine amene ndinalakwitsa poyamba? Ndipo kwa mng'ono wanga ndiyambire pati? Kwathu kuno mkulu sapepesa mwana, amangotumiza nkhuku nkhani n'kutha, koma nkhuku siingafike ku Johannesburg.

Mkulu wa galimoto uja wati anyamuka ikatha Khirisimasi, ndipo dzulo ndaona mlamu akuchapa zikwama.

Ine wothedwa nzeru,
Bangula, Nsanje