Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wokambirana za chidani pa Ayuda

A Wapampando, a komiti ndi aphunzitsi anzathu a phunziro la mbiri,

Munatituma ku Johannesburg kuti tikakhale nawo pa msonkhano wa aphunzitsi wokambirana za chidani pa Ayuda, gwero lake ndi mmene chikuonekera m'ndale za masiku ano. Zokambidwa zinali zambiri, koma mfundo yomwe tabwera nayo ndi yakuti chidanichi sichinayambe ndi Hitler ndipo sichinafe mu 1945. Chakhala chikuyenda pa mabodza ochepa akale, amene andale amawafukula anthu akakhala pa mavuto n'kumafuna womuloza chala. Mwana amene wadziwa mabodzawo amawazindikira ngakhale wolankhula asanatchule dzina la Myuda.

Bodza loyamba linakulira m'tchalitchi, ndipo ife amene ambirife ndife Akhristu tiyenera kulimva mosadziteteza. Kwa zaka mazana ambiri alaliki ankaphunzitsa kuti Ayuda onse, a mibadwo yonse, ali ndi mlandu wa imfa ya Yesu. Mu 1144 mnyamata wina dzina lake William anapezeka atafa ku Norwich m'dziko la England, ndipo mmonke Thomas wa ku Monmouth analemba kuti Ayuda ndiwo anamupha ponyoza kupachikidwa kwa Khristu. Kenaka nkhaniyo inakula n'kufika poti Ayuda amatenga magazi a ana achikhristu. Papa Innocent IV anatsutsa zimenezi mu 1247, koma mphekesera sizinaleke. Pa 4 July 1946, nkhondo itatha kale, mwana wina ku Kielce m'dziko la Poland ananama kuti Ayuda anamutsekera m'nyumba, ndipo tsiku lomwelo Ayuda 42 anaphedwa, ambiri mwa iwo anthu amene anali atangopulumuka m'manja mwa a Nazi. Aliyense amene akukumbukira mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 akudziwa kuti nkhani ya magazi sifuna umboni kuti iphe munthu. Mpingo wa Katolika unadzakana poyera chiphunzitso choika mlandu pa Ayuda onse mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate.

Lachiwiri ndi la ndalama, ndipo pamenepa otsogolera zokambirana anakhalitsapo chifukwa ana asukulu amalimeza mosavuta. M'madera ambiri a ku Ulaya Ayuda sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'magulu a amisiri, pamene tchalitchi chinkaletsa Akhristu kubwereketsana ndalama za chiwongoladzanja. Ena mwa Ayuda analowa ntchito yobwereketsa, mafumu n'kumawadula misonkho yaikulu, kutanthauza kuti phindu lambiri linkapita kwa mfumu pamene mkwiyo wa angongole unkagwera Myuda. Ku York mu 1190, Ayuda pafupifupi 150 atafera m'linga la mzindawo, oukirawo anapita kutchalitchi chachikulu kukatentha mapepala a ngongole zawo. Ku Strasbourg mu February 1349 Ayuda mazanamazana anatenthedwa powanamizira kuti akuthira poizoni m'zitsime, mliri usanafike n'komwe mumzindamo, ndipo ngongole zinafafanizidwa. England inathamangitsa Ayuda mu 1290, Spain mu 1492. Mphunzitsi azifunsa ana nthawi zonse kuti amene anapindula ndi chipolowe chilichonse anali ndani.

Lachitatu ndi limene likulamulira ndale za lero: lakuti Ayuda ali ndi boma lachinsinsi loyendetsa mabanki, nyuzipepala ndi nkhondo. Buku lachinyengo lotchedwa Protocols of the Elders of Zion linatuluka koyamba m'nyuzipepala ku Russia mu 1903, likunena kuti ndi zolemba za msonkhano wachinsinsi wa akuluakulu achiyuda. Mu 1921 mtolankhani Philip Graves wa nyuzipepala ya The Times ku London anasonyeza kuti mbali zikuluzikulu anazikopera m'buku la Maurice Joly la mu 1864, lomwe linkadzudzula mfumu Napoleon III ndipo silinkanena za Ayuda ayi. Umboniwo sunaletse Henry Ford, mwini kampani yopanga magalimoto, kufalitsa maganizo omwewo ku America, sunaletse a Nazi kuligwiritsa ntchito, ndipo chikalata chokhazikitsira gulu la Hamas cha mu 1988 chimalitchula ngati umboni. Kuno kumwera kwa Africa nako linafika. Mu 1934 gulu la Greyshirts, lotsatira maganizo a a Nazi ku South Africa, linawerenga pamsonkhano chikalata chimene linkati lachiba m'sunagoge wa ku Port Elizabeth. Rabbi Abraham Levy, mtsogoleri wa sunagogeyo, anakasuma, ndipo khoti ku Grahamstown linapeza kuti chikalatacho chinali chopeka. Komabe mu 1937 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo la Aliens Act lomwe linatsekereza Ayuda othawa ku Germany.

Chiwerengero chimodzi chimene ana ayenera kuchidziwa: mu 1933 Ayuda ku Germany anali pafupifupi 500,000, osakwana munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Ana ambiri akafunsidwa amatchula chiwerengero chachikulu kwambiri, chizindikiro chakuti bodza la mphamvu za Ayuda lawalowa iwo osadziwa.

Pa ndale za lero, nthumwi zinagwirizana kuti palibe mbali imene ili yoyera. Kumbali ya okonda mtundu wa azungu, anthu amene anaguba ku Charlottesville mu August 2017 ankafuula kuti Ayuda sadzawalanda malo, potengera chikhulupiriro chakuti Ayuda ndiwo akulowetsa alendo m'mayiko a azungu mwadala. Pa 27 October 2018 munthu wa maganizo omwewo anapha anthu 11 m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh, atalemba pa intaneti zonyoza bungwe lachiyuda la HIAS lothandiza othawa kwawo. Ku Hungary mu 2017 boma linadzaza misewu ndi zikwangwani zonyoza za nkhope ya George Soros, Myuda wachuma wobadwira m'dzikomo, ndipo atsogoleri a Ayuda m'dzikomo anapempha kuti zichotsedwe. Kumbali ya zipani za apantchito ndi zachikomyunizimu mbiri iliponso: pa mlandu wa Rudolf Slánský, yemwe anali mkulu wa chipani chachikomyunizimu cha Czechoslovakia, ku Prague mu 1952, anthu 11 mwa 14 oimbidwa mlandu anali Ayuda, ndipo mu 1968 boma la Poland linathamangitsa Ayuda zikwizikwi likunena kuti likulimbana ndi Zionism, maganizo akuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo la Israel. Mu October 2020 bungwe loona za ufulu ndi kusasankhana ku Britain linapeza kuti chipani cha Labour chinaphwanya malamulo pa mmene chinkasamalira madandaulo okhudza chidani pa Ayuda. Ku France zigawenga zodzitcha zachisilamu zinapha mphunzitsi ndi ana atatu pa sukulu yachiyuda ku Toulouse mu 2012, ndi anthu anayi m'sitolo ya zakudya zachiyuda ku Paris mu January 2015.

Mkangano weniweni unabuka pa nkhani ya Israel ndi Palestine, ndipo sunathe. Pali matanthauzo awiri a chidani pa Ayuda amene akupikisana. Loyamba, la IHRA (bungwe la mayiko lokumbukira kuphedwa kwa Ayuda ndi a Nazi), lomwe linavomerezedwa ku Bucharest pa 26 May 2016, lili ndi zitsanzo 11, ndipo 7 mwa izo zikukhudza Israel. Limanenanso kuti kudzudzula Israel monga mmene tingadzudzulire dziko lina lililonse si chidani. Otsutsa akuti maboma ndi mayunivesite ena amaligwiritsa ntchito potseka pakamwa olankhulira Apalestina, ndipo Kenneth Stern, mmodzi mwa amene analemba mawu ake oyambirira, wakhala akudandaula zomwezo. Lachiwiri ndi Jerusalem Declaration la mu 2021, losainidwa ndi akatswiri opitirira 200, lomwe likuti kunyanyala katundu wa Israel pakokha si chidani pa Ayuda. Maganizo athu ndi akuti aphunzitsi awerenge onse awiri, koma m'kalasi agwiritse mafunso atatu osavuta. Kodi mawuwa akunena za boma ndi zochita zake, kapena akuimba mlandu Myuda aliyense kulikonse? Kodi akubweretsa zithunzi zakale za magazi, ndalama ndi dzanja lobisika? Kodi akukana kapena kuchepetsa kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni? Kulira anthu ophedwa ku Gaza, kapena kugwirizana ndi mlandu umene South Africa inakasumira Israel kukhoti la ku The Hague mu December 2023, ndi ndale zololedwa. Kuopseza sunagoge chifukwa cha Gaza, kapena kusangalalira anthu pafupifupi 1,200 amene anaphedwa ku Israel pamene gulu la Hamas linaukira pa 7 October 2023, ndi chidani. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linachita chimodzimodzi mu 2022 pa mlandu wa Bongani Masuku, mmodzi wa akuluakulu a mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa COSATU: linaunika mawu ake anayi payekhapayekha, linapeza kuti amodzi okha ndiwo anali achidani pa Ayuda, ndipo linalamula kuti apepese.

Pa kaphunzitsidwe, zolakwika zimene zinatchulidwa ndi zimene ambirife timachita. Kuyamba phunziro ndi zithunzi za mitembo kumachititsa ana mantha kapena kuseka, ndipo amakumbukira Ayuda ngati mitembo basi, osati mabanja a asing'anga, atelala ndi aphunzitsi. Sewero logawa kalasi kukhala asilikali ndi akaidi lisachitike, chifukwa ana ena amasangalala ndi mphamvu yomwe apatsidwa ndipo ena amanyozedwa mpaka panja. Kuonetsa zojambula za a Nazi popanda kuzimasula kaye kumangofalitsa chithunzicho. Kunena kuti zonse anachita Hitler yekha kumabisa makalaliki, apolisi, oyendetsa sitima zapamtunda ndi anansi amene anagula katundu wa ogwidwa. Mwana akanena kuti Ayuda ali ndi mabanki onse, musamukalipire pagulu. Mufunseni komwe wazimva, nthawi zambiri ndi mauthenga a pa WhatsApp onena za Illuminati ndi banja lachiyuda la eni mabanki la Rothschild, ndipo mulondole naye nkhaniyo mpaka ku 1903.

Tikupempha komiti ikambirane zinthu izi pa msonkhano ukubwerawu. Mutu wa Germany ya Hitler uyambe ndi mapiriyodi awiri a mabodza atatuwa, kenaka malamulo osala Ayuda a ku Nuremberg a 1935, chipolowe choukira Ayuda cha pa 9 ndi 10 November 1938, ndi msonkhano wa ku Wannsee wa pa 20 January 1942 kumene a Nazi anakonza dongosolo lopha Ayuda onse a ku Ulaya, kuti ana aone kuti zinthu zinkaipa pang'onopang'ono. Sukulu iliyonse ichitepo kanthu pa 27 January, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2005 pokumbukira kumasulidwa kwa Auschwitz, msasa wa a Nazi wophera anthu. Tikupemphanso chilolezo chokumana ndi aphunzitsi a Baibulo nyengo ya Pasaka isanafike, kuti tikambirane mmene ndime ya Mateyu 27:25, pamene khamu linati magazi a Yesu akhale pa iwo ndi pa ana awo, imafotokozedwera m'kalasi ndi m'masewero a masautso a Yesu.