Boti tinalisamala, ngolo tinaiiwala

Matundo, Tete
Okutobala

Achimwene,

Kuno tili bwino ndithu, kupatula dzuwa. Mukulidziwa dzuwa la Tete mwezi uno, loti sipanala ukaisiya panja pang'ono umaitola ndi kansanza. Alamu anu ndi ana ali bwino. Amayi ku Ulongwe ndinawaona sabata yatha nditapita kukatenga mbatata ya kachewere, akungodandaula mawondo basi, ndipo anakufunsani. Kaya inu ku Joniko mukudzuka bwanji ndi banja lonse?

Chithunzi cha ncheni ndinakutumizirani pa WhatsApp chija munangochiyankha ndi chipongwe, kufunsa kuti Mngoni wa kumapiri, woweta ng'ombe, madzi anawadziwira kuti. Ndinaseka. Koma chithunzicho chinakunamizani, achimwene. Chinaonetsa nsomba ndi mano anga ali mbee, osaonetsa zimene zinatigwera pobwerera. Nkhani yake siingakwane m'timawu ta pafoni, nchifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Botili munachoka tisanaligule. Tinasonkherana anthu atatu: ine, mlamu wanga wa ku Furancungo, ndi mnzathu uja wokonza mafiriji. Munali mu 2022, pamene kampani ya Vale inkachoka pa mgodi wa malasha wa Moatize, ndipo bambo wina wobwera amene ankabwerera kwawo ankagulitsa katundu yense mothamanga. Boti la mamita asanu, injini ya Yamaha 40, matanki awiri. Ngolo yokokera botilo sitinaiyang'ane nkomwe. Tinaitenga ngati basela.

Injini ija ndiye timailera ngati khanda. Pa tanki ya malita 25 a petulo timathira theka la lita la oyilo, ndipo woyeza ndi mmodzi yekha, mnzathu wa mafiriji, chifukwa ine ndi mlamu timayeza ndi maso. Tikailiza, onse atatu timaweramira kumbuyo kudikira kamkodzo kaja, kamadzi kotuluka m'mbali kosonyeza kuti pampu ikuziziritsa injini. Kakapanda kutuluka uzimitse pompo, usati ndione kaye. Mkati mwa pampuyo muli kamphira kooneka ngati nyenyezi, ndipo timakasintha chaka ndi chaka ngakhale kakuoneka kabwino, popeza mchenga wa Zambezi umakadya mwakachetechete. Tikabwera ku ulendo timamasula propela kuchotsa ulusi wa maukonde umene umakulungana kuseri kwake, chifukwa ukausiya umadula mphira yotchinga madzi, ndipo tsiku lina udzapeza oyilo wa kumunsi wasanduka ngati tiyi wamkaka. Tikatha apo timaifunditsa lona. Ngolo ili potero pa dzuwa ndi mvula, nkhuku zikugona pansi pake.

Tinanyamuka Lachisanu 3 koloko m'bandakucha pothawa kutentha. Tinawoloka mlatho wa Samora Machel tauni ili m'tulo, kukhotera pa Matambo, kenaka malambe okhaokha ndi mbuzi zogona pamsewu mpaka ku Chitima. Kukafika ku Songo ndi makilomita ngati 150, koma ndi boti kumbuyo suthamanga, ndipo chitunda chomaliza chija Hilux yathu imachikwera ikubuula ngati nkhalamba yosenza thumba la chimanga. Mapepala tinali nawo onse, chiphaso chowedzera, a boti, ngakhale kachikwangwani kachikasu ndi buluu kamene galimoto yokoka ngolo imayenera kukhala nako. Pa zimenezo palibe anatipeza chifukwa.

Nyanja ya Cahora Bassa tinaipeza isanabwerere mwakale chiyambire chilala cha 2024. M'mbali mwa mapiri mwatsala mzere wotuwa wosonyeza pamene madzi ankafika, ndipo umachita kukweza mutu kuti uwuone. Potsetsereka pamene timatsitsira boti panatalika, moti tinabwerera chambuyo mpaka matayala a ngolo anamira onse. Mugwire pamenepa, ndibwererapo. Tinali titangotsika phiri, osapuma ngakhale pang'ono, chifukwa mtima unali kale pamadzi.

Ndisaname, kukongola kwake kulipo. M'mawa madzi ali phee, mapiri atakupanikizani uku ndi uku, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo wouma. Pansi pa madzi amenewo ndi pamene panali mathithi aja anabweza Livingstone ndi sitima yake mu 1858, mpaka anakhotera ku Shire. Anyungwe amati dzina loti Cahora Bassa likunena kuti basa, ndiye kuti ntchito, imathera pamenepo. Khoma la damu lija ndi la mamita 171, analimaliza mu 1974, ndipo mawaya ake a magetsi amayenda makilomita oposa 1,400 kukafika ku Apollo, kufupi ndi kwanuko. Ndiye mukayatsa getsi usiku muziti zikomo, mwina ndi madzi omwe ine ndinkawedzamo.

Tinatenga mnyamata wa komweko, Mnyungwe, kuti atitsogolere. Ndalama imeneyo sindiidandaula. Pamene madzi anadzaza chigwachi anamiza nkhalango, ndipo mitengo ya tsanya siiwola msanga. Ili chiimire pansi pamadzi kudikira propela ya mlendo, makamaka tsopano nyanja yaphwa. Iye amangoona mmene madzi akuchitira makwinya n'kukhotetsa dzanja. Amadziwanso gombe lililonse limene pali mvuu. Ine nditatsitsa dzanja m'madzi kuti ndisambe nyambo, anandimenya pamkono ngati mwana, n'kungoti ng'ona. Chinyungwe chake ndi Chichewa chathu zinkakumana pakati, zotsalazo manja ankamaliza.

Nyambo tinagula kapenta wauwisi pagombe kwa anyamata ochokera kowedza usiku ndi nyali. Kodi munkadziwa kuti kapentayu si wa kuno? Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamuthira ku Kariba, n'kutsika yekha ndi mtsinje kudzakhazikika kuno, ndipo lero ndiye akunenepetsa ncheni.

Ncheni ya kuno musaiyerekeze ndi yowonda ija tinkadya ku Salima tili anyamata. Dzina ndi limodzi, nsomba ndi ziwiri. Iyi ili ndi mizere yakuda m'nthiti, mchira wofiirira, ndi mano otuluka kunja olowana ngati misomali. Ulusi wamba imadula kamodzi, choncho kutsogolo kwa mbedza timamangirira kawaya kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. Timazimitsa injini, boti n'kumayenda lokha ndi kamphepo, nyambo ili pansi. Ukhoza kukhala ola lathunthu osamva kanthu. Ine ndinali nditayamba kuwodzera, chipewa chili pamphuno, pamene ndodo inangoti gwa! kufuna kuchoka m'manja. Ulusi unalira. Ndisanaimirire bwino, nsomba inali kale m'mwamba, mamita makumi awiri kuchokera pa boti, ikupukusa mutu, dzuwa likuwala pamamba ake. Mnyamata uja akukuwa kuti ndisafewetse ulusi, mlamu akukuwa zosiyana, wa mafiriji akufunafuna foni. Inadumpha katatu. Kukamwa kwake ndi fupa lokhalokha, mbedza siilowa bwino, ndiye zambiri zimalavula pa kudumpha koyamba komweko. Tsiku limenelo zinatiluma zisanu ndi zinayi, m'boti munalowa ziwiri. Yanga ija pa sikelo inakwana makilo asanu, ndipo manja ankanjenjemera mpaka ndinalephera kutsegula botolo la madzi.

Apa mpamene panabuka mlandu. Mnyamata uja anati zikuluzikulu zotere kawirikawiri zimakhala zazikazi, zoikira mazira, tiibwezere. Ine ndinavomera, poti ncheni ndi minga yokhayokha ndipo chimene ndinadzera ndinali nditachipeza. Mlamu anaona ngati ndapenga. Munthu kuwotcha petulo kuchokera ku Tete, kugwira ndiwo, n'kuiponyanso m'madzi! Sanandilankhule mpaka nthawi ya nsima. Ndipo sindimuweruza, chifukwa masana ake tinakumana ndi mkulu wina pa bwato lake la mtengo, nkhafi imodzi, dengu lodzaza pende, nsomba zonga chambo. Anatifunsa kuti tagwira zingati ndipo tatentha malita angati. Titamuuza anaseka mpaka bwato linapendama. Mapeto ake tinamugula pende khumi kuti kunyumba tisakalowe chimanjamanja. Zimenezi alamu anu sakuzidziwa, ndipo musaziulule.

Loweruka tinatuluka m'madzi msanga chifukwa mphepo inadzuka chakumasana, ndipo nyanja ija ikakwiya mafunde ake amabwera mothinana, boti laling'ono silipuma. Majekete oyandamitsa aja mlamu ankati ndi a ana anawavala yekha osauzidwa.

Tsopano Lamulungu. Tinakweza boti, kumanga malamba, kutsika phiri, kudutsa Chitima. Cha m'ma 11 koloko ndinamva kaphokoso kumbuyo ngati mphero ya patali. Ndinati ndi msewu. Wa mafiriji anati ndi lamba akugunda. Safunsa anadya phula, achimwene: palibe anati tiime tione. Patapita makilomita angapo ndinayang'ana pagalasi n'kuona utsi ku tayala lamanzere la ngolo, ndipo tayalalo likuvina ngati laledzera. Ndinaima pambali pa mlambe. Pakati pa tayala panali potentha moti malovu ankachita thovu. Titakweza ndi jeke, tayala linatsala pang'ono kutigwera m'manja, ndipo tizitsulo ta mkati mwa bering'i tinagwera m'fumbi titapsa, tabuluu. Tikanapitirira pang'ono, boti likanatidutsa pamsewu.

Tinalibe bering'i yapadera. Mapulagi a injini tinali nawo anayi, kamphira ka pampu kapadera, ngakhale propela yachiwiri. Za ngolo, ngakhale girisi wa m'kachitini, ayi.

Mlamu anakwera njinga yamoto kubwerera ku Chitima, n'kubwera ndi mmisiri wina wachikulire wa ndevu zoyera, zida zake zili m'thumba la mpunga. Mkuluyo sanafulumire. Anamasula kaye tayala linalo, labwinolo, n'kutiitana kuti tione. Anapisa chala n'kutulutsa zinthu zofiirira, zamadzimadzi ngati phala la mawere lozizira. Ameneyo ndiye anali girisi wathu. Anatifunsa ngati timalowetsa ngolo m'madzi tikangofika. Tinati inde. Anagwedeza mutu n'kutifotokozera ngati ana a sukulu: chitsulo chikayenda ulendo wautali chimatentha, mpweya wa mkati n'kufutukuka. Ukachimiza mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweyawo umakhwinyata n'kuyamwa madzi kudzera pa mphira yakumbuyo. Madziwo satulukanso. Ngolo ikaima pakhomo miyezi iwiri, dzimbiri limakhala likudya mwakachetechete, ndipo limadzakuonetsa ukali patali ndi kwanu. Madzi amene anatigwetsa sanali a Lachisanu okha, anali a maulendo onse a zaka zitatu.

Bering'i ya saizi yathu ku Chitima kunalibe. Anaimbira mwana wake ku Tete kuti aigule n'kuipatsira shapa, minibasi ya kuno. Tinakhala pansi pa mlambe uja maola asanu ndi limodzi. Mlambe mwezi uno ulibe tsamba, mthunzi wake ndi wa thunthu lokha, ndiye tinkazungulira nawo ngati mawotchi. Ayezi anasungunuka. Pende uja tinachita kumung'amba ndi kumuthira mchere pompo, mayi wina wa pamudzi wapafupi atatibwereka mpeni ndi lichero, ndipo tinamusiyira atatu. Ana anadzaza kudzaona boti lili pakati pa mbuzi. Wina anafunsa ngati tikudikira chigumula.

Chitsulo chimene tayala limazungulirapo chinali chitakandika ndi moto, koma mkuluyo anachipala ndi sandipepa mpaka bering'i yatsopano inalowa. Anapaka girisi ndi chikhatho, kumukankhira mkati mpaka atatulukira mbali inayo, osati kungopaka pamwamba monga ndikanachitira ine. Natiyo anaimanga, n'kuibweza pang'ono kuti tayala lizizungulira momasuka koma osagwedera, kenaka n'kulowetsa kapini. Tinafika ku Matundo usiku, tikuyenda ngati maliro, kuima pafupipafupi kugwira tayala.

Walira mvula walira matope. Sabata yotsatira tinagwetsa ngolo yonse pakhomo. Masipuling'i anali atadyeka ndi dzimbiri, mawaya a magetsi akumbuyo makoswe anatafuna, matayala ali ndi mapante abwino koma m'mbali ang'ambikang'ambika ndi dzuwa. Lamba wa chokokera boti anali atatsala ulusi wowerengeka. Tinapala, kupenta, kusintha. Pa ndalama tinakangana pang'ono, poti mlamu ankati ngolo ilibe injini ndiye idye ndalama chifukwa chiyani, koma titamukumbutsa za mlambe anatulutsa chikwama. Pano tagwirizana kuti tikafika kunyanja tiziyamba tamwa tiyi ndi kulongedza katundu m'boti, matayala azizire, ndipo panjira tiziima kugwira pakati pa tayala ndi dzanja. Pofunda palibe vuto, potentha pali nkhani. Ngoloyo tsopano ikugona pa njerwa, matayala ali m'mwamba, itafunda lona yakeyake. Nkhuku zakwiya.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamabwera pa Khirisimasi mutigulireko mabering'i a matayala onse awiri pamodzi ndi mphira zake, awiriawiri, kuti ena azikhala m'galimoto. Musagule ndi maso. Manambala ake ndi odindidwa pa chitsulo, ndikutumizirani chithunzi mawa kukawala. Muwonjezerepo kamphira ka pampu kamodzi ndi mbedza za waya, zazikulu. Ndalama ndidzakubwezerani kuno, kapena mudzadya mbuzi ya ku Tete mpaka ngongole ithe.

Mwezi umenewo mvula idzakhala itayamba ndipo madzi amada, ncheni siluma ngati pano, koma tidzapitabe. Kandimverere anakanena za m'maluwa, mudzaone nokha ngati Mngoni sadziwa madzi. Basi yanu ikadutsa Cuchamano ndi Changara, muyang'ane kumanzere pa Matambo, msewu wake ndi umenewo. Mubwere ndi chipewa chachikulu, dazi lanu lija silingapirire.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Matundo