Olemba za Billie Holiday asaiwale kuti anali woimba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mmene mabuku amafotokozera moyo wa Billie Holiday, mayi wa ku America woimba nyimbo za jazz, amene anabadwa mu 1915 n'kumwalira mumzinda wa New York pa 17 July 1959 ali ndi zaka 44 zokha. Ndawerengapo mabuku angapo onena za mayiyu, ndipo chimandiwawa n'chakuti masamba ochuluka amathera pa mankhwala osokoneza bongo, amuna ankhanza ndi ndende, ngati kuti zimenezi ndiye zinamutchukitsa.

Ambiri amayambira pa buku lake lomwe, Lady Sings the Blues, limene linatuluka mu 1956 atalilemba mothandizana ndi mtolankhani William Dufty. Ofufuza anapezamo zolakwika, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Bukuli limati iye anabadwira ku Baltimore, chonsecho anabadwira ku Philadelphia. Limatinso makolo ake anakwatirana iye ali ndi zaka 3, pamene sanakwatiranepo n'komwe. Ngakhale pa nyimbo yake yotchuka ya Strange Fruit, imene anajambula mu 1939 yodzudzula mchitidwe wopachika anthu akuda m'mitengo, bukuli silinena bwino kuti mawu ndi mayimbidwe ake anapeka ndi mphunzitsi wina, Abel Meeropol.

Komabe sindigwirizana ndi amene amangolitaya bukuli n'kumati ndi mabodza okhaokha. Atamangidwa mu 1947 pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo, Billie analandidwa chiphaso chomulola kuimba m'malo ogulitsa mowa ku New York, komwe oimba jazz ankapezera chakudya chawo, ndipo ankalemba ali ndi chilonda chimenechi mumtima. Pamene akusimba za ulendo wake wa mu 1938 ndi gulu la oimba achizungu la Artie Shaw, iye wakuda yekha pakati pawo, akukanizidwa kudya ndi kugona kumene anzake ankagona, mumamva mawu a munthu amene zinamuonekeradi, ndipo wofufuza wobwera pambuyo sangawapeke mawu oterowo.

M'zaka za m'ma 1970, mtolankhani wina, Linda Kuehl, anayenda ndi makina ojambulira mawu n'kucheza ndi anthu ambirimbiri amene ankamudziwa Billie, koma anamwalira mu 1978 buku lake asanalimalize. Donald Clarke mu 1994 ndi Julia Blackburn mu 2005 anatola zambiri m'mawu amene Kuehl anajambulawo polemba mabuku awo. Ntchito yawo ndi yotamandika, ngakhale kuti anthu akamakumbukira womwalira wotchuka, pakamwa pamathamangira zochititsa manyazi.

Buku limene linandikhazika mtima pansi ndi la John Szwed la mu 2015, chifukwa limafatsa pa funso limene ena amalilambalala: kodi mayiyu ankaimba bwanji? Ndinkaliwerenga nyimbo zake za m'ma 1930 zikulira chapansipansi, zija anajambula ndi woimba piyano Teddy Wilson, ndipo kangapo ndinkatseka buku n'kubwereza nyimbo. Apo m'pamene ndinamva zimene ndinali ndisanazitcherepo khutu. Billie sathamangira kugwira kugunda kwa nyimbo. Amatsalira dala pang'ono, n'kukoka liwu limodzi ngati akulilawa, kenaka n'kufika pamodzi ndi anzake mzere ukamatha. Mawu ake sankakwera kapena kutsika patali, koma ankapinda nyimbo yapafupi mpaka kumveka yatsopano. Iye mwini ankanena kuti anaphunzira pomvetsera Louis Armstrong ndi Bessie Smith, ndipo mukamumva akusinthana ndi saksafoni ya Lester Young, amene anamupatsa dzina loti Lady Day, mumaona kuti ankagwiritsa ntchito kukhosi kwake ngati chida choimbira. Luso limeneli silinachokere m'masautso ayi, analikonza yekha usiku ndi usiku pamaso pa anthu.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mukamapereka mpata wounika mabuku onena za oimba, owunikawo azitiuza ngati wolembayo anakhala pansi n'kumvetsera nyimbo za munthu amene akumulembayo. Kwa amene akufuna kumudziwa Billie, ndingawalangize kuti awerenge buku lake la mu 1956 ndi la Szwed motsatizana, nyimbo zake zili pafupi.

Ndine wowerenga wanu wokhulupirika.