Mlonda wolongolola ndi mlonda wachete

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Zomba tikudzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chanyanya. Nkhungu ikumatsika m'phiri mpaka kuphimba Chinamwali yense, moti kusamba m'mawa kwasanduka mlandu. Mayi ako ndinakumana nawo Loweruka mumsika akusankha matemba a ku Chilwa. Akuti uziimba foni, osamangotumiza ndalama ngati kuti ndalama zimapereka moni. Ine uthenga ndafikitsa, zotsala ndi zako.

Unandifunsa pa WhatsApp kuti bwanji ndikulimbanabe ndi kapulogalamu komwe ndinakuuza kuti ndinamaliza kalekale. Zimenezo sizikanakwana pa foni, ndiye khala pansi.

Ukukumbukira gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama lomwe ndimathandiza lija. Ndinawalembera kachida ka pa terminal, pomwe umangolemba malamulo ndi mawu, kopanda mabatani kapena zithunzi, komwe usiku uliwonse kamatenga mafayilo a CSV, aja a mizere ya mawu ndi manambala, ochokera kwa alembi n'kuwalowetsa mu PostgreSQL, pulogalamu ya database, nkhokwe yosungiramo zolembedwa zathu, kenako n'kukopera database yonse kuti tisadzalire tsiku lina. Kamadzuka kokha ndi cron, chida choyambitsa mapulogalamu pa nthawi yoikika, anthu tili m'tulo. Ndiye kuti ndi mlonda wausiku, ndipo za usikuwo ine ndimangodziwa zomwe iye wandiuza m'mawa.

Poyamba mlonda wangayu anali wolongolola. Ndinali nditamwaza print, lamulo lotulutsa uthenga, paliponse: ndatsegula fayilo, ndawerenga mzere woyamba, ndawerenga wachiwiri, ndalumikizana ndi seva, ndatumiza, ndalandira. Zinali ngati mlonda wokuuza za galu aliyense amene wadutsa pageti, ndi tsamba lililonse lomwe lathothoka mumtengo wa mango. Sabata yoyamba ndinkawerenga. Yachiwiri ndinkangoponya diso kumapeto. Yachitatu sindinkatsegula n'komwe.

Kenaka msungichuma anandiimbira kuti ndalama za m'buku lake sizikufanana ndi za pa kompyuta. Nditafufuza ndinapeza kuti mlembi wina anasintha laputopu, ndipo yatsopanoyo inkalemba madeti moyamba ndi mwezi, monga amachitira ku America. Deti lililonse lopitirira pa 12 linkaoneka ngati mwezi womwe kulibe, ndipo kachida kanga kankadumpha mzerewo. Chondipweteka n'chakuti kankanena. Usiku uliwonse kankalemba kuti kadumpha mzere wakutiwakuti. Koma mawuwo anali pakati pa mizere masauzande yofanana nawo maonekedwe, ngati njere ya mpunga m'thumba la mchenga.

Ndi mkwiyo ndinachotsa print aliyense. Ndinati kangoyankhula pokhapokha zitavuta kwenikweni. Patangotha masiku ochepa magetsi anathima pakati pa usiku, batire la seva linatha, ndipo m'mawa ndinapeza ntchito yalekera panjira popanda ndi liwu limodzi londiuza pomwe inafika. Ndinatha tsiku lonse ndikufananitsa mizere ndi maso. Akuluakulu sananame kuti chetechete sautsa nyama.

Apa m'pamene ndinadzichepetsa n'kuyamba kuona momwe anzathu anachitira, chifukwa vutoli ndi lakale kuposa ife. Syslog, njira yosungira mauthenga a makina yomwe Eric Allman analemba m'ma 1980 pogwira ntchito ya Sendmail, pulogalamu yotumiza maimelo, ili ndi milingo 8 ya kukula kwa uthenga, kuyambira 0 wa zoopsa zoti makina agwa mpaka 7 wa debug, wa tinthu tating'ono tofufuzira vuto. Mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, milingo yodziwika ndi isanu: DEBUG 10, INFO 20, WARNING 30, ERROR 40 ndi CRITICAL 50, ndipo ukapanda kusankha imayambira pa WARNING. Iwe ssh, yolowera mu kompyuta yakutali ija, umaidziwa bwino, ikakana kulumikiza umayamba ndi -v, woiuza kuti ifotokoze zambiri, ikakanabe -vv, mpaka -vvv pomwe imakhuthula zonse zakumtima. Chida cha mongodump, chokopera database ya mtundu wina, chimafika mpaka -vvvvv. Nayo psql, yoyankhulira ndi PostgreSQL pa terminal, ili ndi VERBOSITY, yomwe ukaiika pa terse cholakwa chimabwera mwachidule, ukaiika pa verbose imakuuza nambala ya cholakwacho ngakhalenso malo mu code ya seva pomwe chachokera.

Koma chomwe chinanditsegula maso ndi kanthu kena ka mu PostgreSQL. Ili ndi zosankha ziwiri zosiyana: client_min_messages, ya zomwe munthu wa pa terminal aone, ndi log_min_messages, ya zomwe zilembedwe mu log ya seva, fayilo yosungiramo zochitika. Yoyambayo imayambira pa NOTICE, yachiwiriyo pa WARNING. Ndiye pali mlingo wotchedwa LOG, womwe mu log ya seva umakhala pamwamba pa ERROR, koma kwa munthu wa pa terminal umakhala pansi pa NOTICE. Nditaona ndinayesa alakwitsa. Ayi ndithu. Uthenga woti wina walumikizana ndi seva ndi wofunika kwa woyang'anira makina, koma kwa mlembi amene akungofunsa ndalama za membala mmodzi, ndi phokoso. Uthenga ndi womwewo, kulemera kwake kukutengera amene akumva. Ine nthawi yonseyi ndinkalemba ngati womva ndi mmodzi, ine ndemwe, ndiponso ngati ndimakhala ndi mtima umodzimodzi Lolemba m'mawa ndi tsiku lomwe zinthu zapsa.

Tsono kachida kanga kali ndi milingo inayi. Ukaika -q kamangotchula zolakwa. Ukapanda kuika kanthu kamatchula machenjezo ndi mzere umodzi womaliza: mafayilo angati, mizere ingati yalowa, ingati yadumphidwa. Pa -v kamafotokoza sitepe iliyonse ndi nthawi yomwe yatenga. Pa -vv m'pamene pamabwera SQL yeniyeni, malamulo opita ku database, ndi zina zoti ndizione ndekha. Ndikudziwa kuti mwambo wa Unix, dongosolo lakale loyendetsera makompyuta, umati chida chikachita bwino chingokhala duu, ndipo iwe unganditsutse pamenepa. Koma msungichuma wathu sanakulire pa Unix. Akapanda kuona chilichonse amaganiza kuti kompyuta yafa, n'kundiimbira ndili m'tchalitchi. Mzere umodziwo wandigulira mtendere.

Kulemba code yake sikunatenge ngakhale ola. Argparse, chida cha mu Python chowerenga zosankha ngati -v, imatha kuwerenga yokha kuti ma v alipo angati, iwe n'kungotsitsa mlingo. Koma masabata awiri anapita posankha kuti uthenga uliwonse ukhale pati. Ndinapeza kuti pafupifupi chilichonse ndinkafuna kuchitcha chenjezo, chifukwa pochilemba chimaoneka chachikulu. Ndiye ndinadziikira funso limodzi: munthu akawerenga ichi, pali choti adzuke akachite? Ngati palibe, si WARNING. Mzere wodumphidwa ndi WARNING, chifukwa ndi ndalama za munthu. Kulephera kulumikiza kamodzi kenako n'kutheka pa ulendo wachiwiri ndi INFO basi, netiweki yathu umaidziwa. Koma kukalephera katatu, nkhani yasintha.

Zina ziwiri zinandigwetsa panjira. Choyamba, mauthenga anga ankatuluka pa stdout, njira yotulukira zotsatira za pulogalamu, limodzi ndi zinthu zenizeni, moti tsiku lina fayilo yomwe ndinatulutsa inali ndi mawu oti ndalumikizana ndi seva pamwamba penipeni, ndipo inakana kulowa kwina. Taona pg_dump, chida chokopera database ya PostgreSQL: zokopera zimapita ku stdout, zolongolola za --verbose zimapita ku stderr, njira ina ya mauthenga, sizikumana. Ndinatengera pomwepo.

Chachiwiri chinandichititsa manyazi. Mnyamata amene amandithandiza, wophunzira pa yunivesite pompano, anathamangitsa -vv n'kunditumizira chithunzi cha skirini kuti ndione vuto. Pachithunzipo panali mayina a mamembala, manambala a foni, ngongole zawo, ndi pasiwedi ya database ili poyera mu mzere wolumikizira. Zomba ndi tawuni yaing'ono, aise. Ngongole ya munthu ikatuluka ku Matawale m'mawa, madzulo yafika ku Sadzi. Usiku womwewo ndinasintha pasiwedi, ndipo pano ngakhale pa mlingo wapamwamba kachidako kamaonetsa nambala ya mzere ndi dzina la fayilo, osati za munthu.

Ndinalekanitsanso skirini ndi fayilo ya log. Skirini imamvera zomwe wasankha, koma fayilo imalemba pa INFO nthawi zonse, chifukwa vuto la usiku sulingabwereze kuti ulione ndi -v. Chida cha logrotate chimafufuta zakale kuti disiki isadzadze, poti yathu ndi yaing'ono.

Pali chimodzi chomwe ndikufuna maganizo ako. Mizere yodumphidwa ikakhala yambiri, kodi nditchule uliwonse, kapena khumi oyamba kenako chiwerengero cha yotsalayo? Ndikuopa kubwezeretsa mlonda wolongolola uja kudzera pa khomo la kuseri. Kuntchito kwanu mumatani?

Ukamabwera pa Khirisimasi unditengere disiki ya SSD, ndalama ndidzakubwezera pompano. Tidzakwere ku Mulunguzi ngati kale, ngati mawondo ako akadali ndi mphamvu. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Chinamwali.